Tsiku Limene a Chande Anagula Kachasu

Aliyense amene wapalasapo njinga pakati pa Bua ndi boma la Nkhotakota amawadziwa a Chande. Anabadwira konkuno, luso anakalitola ku Dwangwa akukonza malole onyamula nzimbe. Ntchito itatha chaka cha referendamu, anabwerako ndi bokosi la masipanala nakhazikika m'mbali mwa msewu. Swala ya kumzikiti saphonya, ndipo mowa safuna ngakhale fungo lake.

Matipate atakhazikika, mabungwe nawo anachuluka. Lina linapatsa mayi Nester, mlangizi wa zaumoyo, njinga yachilendo. Mabuleki ake sagwira limu ayi, amatsina kambale kachitsulo pakati pa gudumu, ndipo m'malo mwa waya pali kapaipi ka mafuta. Njinga imeneyi ndiyo inkafikitsa katemera wa ana ku Mwadzama ayezi asanasungunuke.

Tsiku lina inayamba kulira poima. Amuna a mayi Nester, a Layson, anachita zomwe tonse timachita chitsulo chikalira: anathira mafuta ophikira pakambale paja. M'mawa mwake mayi Nester anagwira buleki pamtsetse, njinga osamva, mpaka phi! m'munda wa chinangwa.

"Achimwene, mumafuna kukazinga chambo pamenepa?" anafunsa a Chande akununkhiza chala, a Layson atawabweretsera njingayo.

"Imalira, bambo."

"Nanga mwana akalira mumamuthira mafuta m'kamwa?"

A Chande anachotsa timapadi totsina tija, anatiwamba pamakala mpaka utsi unatha, n'kutipala ndi sandipepa. Koma kambale kankafuna sipiriti, ndipo kuchipatala inali itatha. Parafini akanangowonjezera kuterera. Chotsala chinali kachasu, uja woyamba kudontha, woyaka ukamuyandikiza machesi.

"Ndikagule ine," anatero a Layson.

"Inu akakupatsani wosungunula ndi madzi. Komanso botolo lingafike lopepuka."

A Chande anamasula gudumu la njingayo. Munthu wa kumzikiti akaoneka pakhomo potcheza kachasu, mbiri imafika kwawo iye asanafike, ndipo ambiri obweretsa njinga kwa iwo anali anzawo opemphera nawo. Koma katemera amayenera kupita mawa lake. Anasenza gudumu paphewa, masana dzuwa lili pamutu, nadzera njira ya pamsika kuti asaoneke ngati akuzemba.

"Eee, shehe! Lero mwatikumbuka?" chinakuwa chidakwa china. "Apatseni mpando!"

"Wamva ludzu ndi uyu," anayankha a Chande akuloza gudumu.

Anatchera kachitini kukamwa kwa paipi yotchezera kachasu, anayesa dontho ndi machesi, lawi buu! Pompo ananyowetsa kansalu n'kupukuta kambale mbali zonse, anthu akuonerera. Wotsala anamutaya pansi, zidakwa zinagwira kumutu ngati pamaliro.

Atabwerera anamanga zonse, anawongola kachitsulo kotsinira kuti kasakhudze mbale, napopa chogwirira buleki mpaka chinalimba. Mayi Nester anayesa pamtsetse womwe uja. Njinga inaima nji!

Mbiri inayendadi. Lachisanu ena anawapatsa salamu ya kumapeto kwa zala, ndipo a Bakari, mnzawo wa paubwana, anasamutsira njinga yawo kwa mmisiri wina. Mpaka lero sanabwerere. A Chande sanadzikanire kwa aliyense.

Koma ife a ku Mwadzama tikudziwa kuti sikelo ya mwezi umenewo sinalephereke. Amayi atamva nkhaniyi kwa mayi Nester anasonkherana mpunga, nautumiza pakaliyala pa njinga yomweyo. A Chande anaulandira ndi manja awiri, kenako anawerama n'kuyamba kuyang'ana ngati thumbalo silinakhudze kambale.