Makutu Ake Sanali Ake

Ndisanayambe ntchito ya mafoni ndinali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ya ku Kabwata. Choko chinandidya zala kwa zaka zambiri, ndiye atandiitana ku kaofesi kena ka ku Kabulonga kuti ndikathandize kukonza maphunziro oti ana azimvera pa foni, sindinaganize kawiri. Mu ofesimo munali achinyamata ovala bwino, obadwira mu Lusaka momwemu, ena a ku Woodlands, ena a ku Roma. Makompyuta ankawadziwa, koma fungo la kalasi yodzaza mwezi wotentha sankalidziwa. Ine ndinali wamkulu pa onse, ndipo ntchito yanga inali yolemba phunziro n'kuliwerenga pa maikolofoni m'kachipinda komata masiponji.

Tinali ndi nzeru imodzi imene tinkadziwombera nayo m'manja. Tinaona kuti ana ambiri, makamaka atsikana, akaweruka alibe mpata wokhala pansi ndi buku. Mbale zikudikira, zochapa zikudikira, pansi pofunika kukolopa. Ndiye tinati phunziro lisakhale lowerenga, likhale lomvera. Mwana aike timawaya m'makutu, foni m'thumba, manja azigwira ntchito mutu ukuphunzira. Tinakagula timafoni totchipa ku Kamwala pamodzi ndi mahedifoni ake, n'kuikiratu maphunziro m'katimo kuti zisafune intaneti. Ndimakumbukira mmene tinanyadira tsiku limenelo, ndipo ndikakumbukira ndimakwiya.

Pa ana amene tinawapatsa mafoniwo pa sukulu yanga yakale panali mtsikana wina wa giredi yomaliza, wochokera ku Luapula. Bambo ake atamwalira, mlongo wawo wa bambowo anamutenga kuti azikhala naye ku Chelstone n'kumaphunzira. Anali wamkuluko poyerekeza ndi anzake chifukwa kumudzi anaimapo sukulu. Mayeso a chaka chimenecho ndiwo anali mwayi wake wotsiriza, ndipo iye ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe. Nditamupatsa foni anailandira ndi manja awiri.

“Ba ticha, nizayenda nayo kunyumba?” anandifunsa.

Ndinati eya, ndi yake mpaka atalemba mayeso.

Mafoniwo akalumikizana ndi intaneti ya kusukulu, pa kompyuta ya ku ofesi tinkaona amene akumvera ndi amene foni yasanduka ya nyimbo. Iyeyu ankamvera phunziro lililonse mpaka kumapeto, ena n'kuwabwereza. Anzanga aja ankamutchula m'misonkhano ngati umboni woti nzeru yathu yagwira. Kenako, kutatsala milungu yochepa kuti mayeso ayambe, anangoti zii. Ndinafunsa mphunzitsi wa kalasi yake, yemwe anali mnzanga wakale, ndipo anati mwanayo sakubweranso kusukulu.

Lamlungu masana ndinakwera minibasi ya ku Chelstone. Nyumbayo inali yabwino, ya mpanda ndi geti lachitsulo. Azakhali akewo anali mayi wa msinkhu wanga, wogwira ntchito mu ofesi m'tauni. Anandilandira bwino, nandipatsa chakumwa chozizira, ndipo pa nkhope pawo sindinaonepo nkhanza iliyonse. Nditatchula za mwanayo anapumira m'mwamba.

“Anayenda kumunzi. Tinamukwezeka basi ya ku Mansa.”

Anandifotokozera mosabisa. Tsiku lina kunabwera apongozi awo ndi achibale ena a kuchimuna. Apongoziwo chiyambire sankafuna kuti m'nyumba ya mwana wawo muzisungidwa wachibale wa mkazi. Alendo atakhala pabalaza, azakhaliwo anaitana mtsikanayo kuti abweretse madzi osamba m'manja. Sanayankhe. Anaitananso mokweza, osayankha. Apongozi anangoyang'ana mwana wawo. Azakhaliwo atapita kukhitchini anamupeza akukwecha poto, timawaya m'makutu, milomo ikuyenda, akumwetulira yekha. Ndipo sikanali koyamba.

“Ba ticha, imwe muziba nyumba za ise,” anatero. “Mwana wamene usunga, ukaitana afunika kuyankha pamene apo. Manje ine naitana, naitana, pamenso pa apongozi. Bamuna banga banakamba chabe kuti pano si pa sukulu ya boding'i.”

Ndinayesa kufotokoza kuti amene ankalankhula m'makutu mwakemo ndinali ine, kuti mwanayo ankaphunzira, sankachita mwano. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

“Niziba kuti enze kuphunzila. Koma imwe munamupasa foni, ine ninamupasa nyumba. Naine pano nili pa chikwati, ba ticha.”

Analowa kuchipinda n'kubwera ndi foni ija, timawaya atatikulunga bwinobwino, ili m'kapepala ka pulasitiki. Anandipatsanso nambala ya mayi ake a mtsikanayo, n'kundiperekeza mpaka pa geti.

Mu minibasi ndinkangodziyankhulira mumtima. Tonse a mu ofesi muja tinakulira m'nyumba zimene munali mtsikana wotereyu, wa kumudzi, wogona pa matiresi m'chipinda cha ana. Tonse tikudziwa mmene amaitanidwira kuchokera pabalaza, ndi mmene amathamangira manja akudontha madzi. Tinaganizira za manja ake kuti ndi otanganidwa, n'kumayesa kuti makutu ali pa tchuthi. Pa nyumba ya eni, mwana wosungidwa amagwira ntchito ndi makutu kuposa manja.

Lolemba ndinafotokoza nkhaniyi pa msonkhano. Anamva chisoni, sindinganame. Kenako mnyamata wina wanzeru zake anati tizidula kawaya kamodzi kuti khutu lina lizikhala lotsegula. Onse anagwedeza mitu, wina n'kulemba pa bolodi. Ine ndinangoyang'ana pawindo, kumene wantchito wa nyumba yoyandikana nayo ankathirira kapinga. Zinandipweteka kuti nkhani ya mwanayo yathera pa kawaya.

Ndinaimbira mayi ake. Kwawoko amalankhula Chibemba, ndipo changa ndi cha pa siteshoni, koma tinamvana. Ndinati mwanayo abwere adzakhale kwanga ku Kabwata mpaka alembe mayeso, za ulendo ndiona ine, chifukwa dzina lake linalembetsedwa ku Lusaka ndipo kwina sangalembe. Mayiwo anathokoza kwambiri, mobwerezabwereza, kenako anakana. Anati mwana wachoka kwa azakhali ake, ndiye akakapezeka kwa mlendo mu Lusaka momwemo, abale a malemu amuna awo adzati akuwachititsa manyazi. Ali ndi ana ena ang'onoang'ono amene mawa adzafune khomo lomwelo. Ndikanakhala ine ndikanaopanso chimodzimodzi.

Anapatsira foni mtsikanayo. Kumbuyo kunkamveka mphepo ndi mwana akulira. Sanadandaule, sanatchulenso azakhali ake. Anandifunsa za anzake a m'kalasi, ndipo ndinamuuza kuti ali bwino, akukonzekera. Ndinayamba kunena zoti mwina chaka chamawa, koma ndinasiyira pomwepo, poti tonse awiri tinkadziwa kuti palibe amene adzamubweretsenso.

“Ba ticha, ija foni ikali na imwe?”

Ndinati ili m'chikwama changa, sindinaibweze ku ofesi.

“Mupaseko wina. Ili bwino maningi, ine nenze nayamba kumvesesa.” Kenako anawonjezera: “Koma mupase mwana wamene amankala na amai bake.”