Pelefyumu wa Akazi Ofatsa

Dzulo pamsika wa ku Lundazi, mtsikana wogulitsa anandipopela pelefyumu padzanja. "Uyu ni wa maluwa, amayenela akazi ofatsa," anatelo.

Amama anali ofatsa choncho. Ankadzithila yemweyo pa Sondo pokha, koma m'mawa umene adada anawathamangitsa, anadzithilanso. Tinawapelekeza kumsewu ine ndi ankhazi, alongo awo a adada. Amama anagwada n'kundikumbatila, khosi lawo likununkhila maluwa ndi thukuta.

"Nipita nanu," ndinawauza.

"Mwana ni wa kuno," anayankha ankhazi, atandigwila dzanja zolimba.

Ndinayembekezela kuti amama atsutsa. Iwo anangondikonza kolala ya dilesi, n'kukwela minibasi ya ku Chipata. Ndinakoka dzanja langa mpaka linayamba kuwawa, koma ankhazi sanalisiye.