Mapepala anga a Chilatini anamangitsa achimwene

Inu owerenga, ine ndinamangitsa achimwene anga a bere limodzi. Sindinawaneneze kwa aliyense, koma mlandu umene anavutika nawo unali wanga, ndipo kawiri konse ndinali ndi mpata wowapulumutsa koma ndinatseka pakamwa.

Zinachitika nthawi ya chipani chimodzi. Ndinali mtsikana wa ku Uliwa, wophunzira Chilatini ndi mbiri ya Aroma ku yunivesite. Kwathu ankandiseka, ati chinenero cha akufa ntchito yake ndidzakaipeza kumanda. Achimwene okha, amene anali telala pakhonde la sitolo m'mbali mwa msewu, ndiwo ankandinyadira. Anandilera ndi iwowo makolo athu atamwalira.

Chilatini si masewera, chiganizo chimodzi chimatha theka la tsamba. Choncho ndime iliyonse ndinkayamba ndaimasulira m'Chichewa papepala lapadera kuti ndiimvetse, kenako n'kulemba Chingerezi chimene aphunzitsi ankafuna. Chaka chimenecho tinkawerenga za mmene Aroma anathamangitsira mafumu n'kumasankha atsogoleri chaka ndi chaka, mpaka munthu wina anadzipatsa ulamuliro wa moyo wake wonse, anzake n'kumupangira chiwembu. Chifukwa cha ulesi, mayina ataliatali a Aroma ndinkawadumpha n'kumangolemba kuti mkuluyo. Mutu wa nkhani sindinkalembanso.

Nditabwera kutchuthi, alamu anga, akazi a achimwenewo, anandipempha mapepala akale okulungira mandasi amene ankagulitsa kwa anthu a m'basi. Ndinali chigonere pamphasa, buku kumaso. Ndinangowalozera ndi mlomo katoni imene ndinkasungamo mapepala anga a kusukulu.

Patapita masiku atatu kunaima galimoto, n'kutulukamo amuna atatu ovala wamba. Mmodzi ananyamula pepala lonona mafuta, lolembedwa ndi dzanja langa. Anawerenga mokweza pamene pankanena kuti dziko si munda wa munthu mmodzi, ndi kuti mkuluyo akapanda kuchotsedwa tonse tidzafa akapolo. Anafunsa kuti analemba ndani. Achimwene anaimitsa makina, n'kundinong'oneza m'Chitumbuka kuti, "Khala chete, mdumbu," kutanthauza mlongo. Kenako anaimirira.

"Ndine, bwana. Mwanayu ndi wa sukulu, sadziwa kanthu."

Sanawapatse ngakhale cholembera kuti ayerekeze kalembedwe. Anawakweza m'galimoto tepi yoyezera ikadali m'khosi, ine ndili chiimire ngati chitsa.

Ndinabwerera kusukulu ndili ngati wamisala. Chakudya sichinkatsika. Ndinakagwada kwa mphunzitsi wanga, ndipo anandilembera kalata yofotokoza kuti mawuwo ndi a anthu amene anafa Yesu asanabadwe. Ndinayenda nayo masiku awiri mpaka ku Karonga Boma, n'kulowa mu ofesi imene ndinauzidwa kuti ikudziwa za achimwene. Bwana wake anali wa kuchigawo chapakati, woyankhula mofatsa. Kalatayo sanaitsegule. Anangoiika patebulo n'kunena kuti, "Mayi, ndikawerenga iyi ndiye kuti mukuvomera kuti pepala lija ndi lanu. Mulowa ndinu, ndipo sindikulonjeza kuti winayo atuluka. Ndiwerenge?"

Inu owerenga, ndinatola kalata ija n'kutuluka. Ndinkadziuza kuti ndikumvera achimwene, kuti tikamangidwa tonse ana awo adya chiyani. Zoona zake n'zakuti ndinachita mantha.

Zaka zinayi sitinadziwe kumene anali. Ndinazungulira ndende zimene ndinkazidziwa, paliponse yankho linali lakuti dzinalo palibe. Pa Uliwa anthu anasiya kugula mandasi a alamu, ena ankawoloka msewu akatiwona. Alamu sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Digiri ndinalandira, ndinakhoza bwino ndithu, koma tsikulo ndinalira mpaka maso kutupa.

Anawatulutsa popanda mlandu, monga anawatengera. Anafika miyendo itatupa, mano ena kulibe, manja akunjenjemera moti ulusi sukanalowanso pasingano. Ndinagwada kuti ndipepese, iwo anandiletsa. Chimene ankafuna chinali china. Ati pepala lija anawawerengera kambirimbiri powafunsa mafunso mpaka analiloweza, koma linathera pakati.

"Tsono mdumbu, anthu ajawo anapambana?"

Ine ndinkadziwa kuti sanapambane. Anamuphadi mkuluyo, koma kunadza nkhondo, ndipo wobwera pambuyo pake analamulira nthawi yaitali kuposa iye. Ndinayang'ana manja awo aja, n'kunama kuti anapambana. Anamwetulira n'kunena kuti basi sanavutikire chabe. Sanathe chaka, anamwalira.

Inu amene mukuphunzira, musamaone ngati za m'mabuku zimathera m'kalasi. Chimene mwalemba chisamaleni, dziwani kumene pepala lililonse lapita, chifukwa amene amapsa nalo nthawi zambiri ndi wosadziwa n'komwe. Koma chachikulu ndi ichi: wina akasenza mlandu wanu, ngakhale akuletseni yekha, yankhulani nthawi yomweyo. Mukadikira kuti mulimbe mtima, mawa mantha amakhala atakula. Ine lero ndikuyankhula momasuka, palibe wondimanga, koma munthu amene mawu angawa akanamuthandiza ali m'manda ku Uliwa.