Choki Yomanga ndi Waya pa Geti la Eni Mkazi

Galaja ina ya ku Kelvin, dera la mafakitale mumzinda muno, yatilepheretsa malowolo. Sindikukokomeza ayi. Loweruka lapitali tinabwezedwa pa geti la eni mkazi, ndipo chimene chinatibweza ndi ntchito imene ndinalipira ndekha.

Galimoto yanga ndi yakale, inali ya malemu bambo anga. Ndi zija za kabuleta. Kukazizira umakoka choki kuti injini imwe petulo wambiri, ikatentha n'kuibwezera. Vuto lake linali laling'ono, inkazima ndikaima pa maloboti. Ine ndinazolowera. Koma Masauso, mwana wa mlongo wanga, anabwera kuchokera ku Joni kudzalowola Nomsa, ndipo nkhoswe yake ndine. Ndinati ndiikonzetse, tikafike ngati anthu.

Lachitatu m'mawa ndinakaisiya. Ndinapempha zinthu ziwiri basi: akonze aidulo, kulira kwa injini galimoto ikaima, ndipo aone chingwe cha choki chimene chinayamba kulimba. Mwini galaja anati magalimoto amenewa anakulira momwemo, akhoza kukonza atatsinzina. Ndikukhulupirira kuti anaterodi.

Lachinayi anati makaniko wapita kumaliro. Lachisanu 4 koloko madzulo anati yatha, madola 40. Ndinaipeza ili kale pa geti, yoliza kale, itayang'ana kumsewu. Inkalira ngati chigayo. Nditafunsa, anati, "Hayi mdala, ikungotsegula pakhosi. Kulungile, zili bwino." Ndinakoka choki, inangobwera yokha yopanda mphamvu. Anati choki ndi zachikale, andiikira ya otomatiki ndipo pamenepo sandilipiritsa. Ndinathokoza. Inde, ndinachita kunena kuti zikomo.

Loweruka tinanyamuka ku Mpopoma, kumene ndimakhala, tili atatu: ine, Masauso, ndi a Tembo, mkulu wa kumpingo kwathu amene Chindebele amachidziwa bwino ndipo ndiwo anali otiyankhulira. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, kumbuyo utsi wakuda uli tolotolo. Pa maloboti achiwiri inazima. Injini itatentha, yakhuta petulo, inakaniratu kulira. Masauso anatsika ndi suti yake, a Tembo ndi jekete yawo ya pa Sabata, n'kuyamba kukankha. Italira tinagwirizana chinthu chimodzi: isazimitsidwenso mpaka tibwerere kunyumba.

Kwa amene simudziwa mwambo wa anzathu olankhula Chindebele kuno, wodzalowola salowa m'mpanda mwachisawawa. Mumaima kunja kwa geti. Wokuyankhulirani amavula chipewa, n'kuitana mwaulemu maina a mtundu wa eni nyumba, kenaka mumadikira mwakachetechete mpaka akuitaneni. Akhoza kukusiyani pomwepo nthawi yaitali, ndipo simudandaula.

A Tembo anatsika. Anavula chipewa. Maina aja anakhala akuwaloweza sabata yonse. Ndinaona pakamwa pawo pakuyenda, koma mawu sindinamve, ndipo ndinali pafupi nawo kuposa wina aliyense. Mphepo inkapita kunyumbako. Utsi unadutsa pa geti osadikira kuitanidwa, n'kukapeza amayi amene ankaphika panja. Mayi wina anatuluka, anatiyang'ana, n'kuyamba kutseka mawindo limodzi limodzi.

Masauso anati, "Malume, zimitsani."

Ndinati, "Ukudziwa kuti tikazimitsa tikankha pamaso pawo?"

Anati, "Zimitsani basi, please."

Ndinapotoza kiyi. Siinazime. Inapitiriza kutsokomola ndi kunjenjemera, kiyi ali m'manja mwanga, kenaka ekizozi inaphulika kuti phuu! Galu wa pakhomopo anathawira kuseri kwa nyumba. Kunagwa bata limene tinkalifuna lija, koma linabwera mochedwa.

Amene anatuluka ndi amalume ake a Nomsa. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatipatsa moni bwinobwino, n'kuuza a Tembo kuti bambo ake a Nomsa amadwala mphumu, utsi wawatseka chifuwa, awagoneka kuchipinda. Anati munthu wodzapempha mwana wa mwini sabwera ndi phokoso ndi utsi. Anati lero nkhani palibe, tidzamva kwa iwo.

Ndiye tinakankha. Kuchoka pa geti mpaka pa kona, azakhali onse a mkazi ataima pa mpanda. Nomsa ndinamuona pa windo. Ndili ndi imvi ine, koma manyazi ngati amenewo sindinawamvepo.

Titakhota ndinatsegula boneti ndi kuchotsa chosefera mpweya. Otomatiki ija ndinaiona ndi maso anga. Chingwe cha choki anachidula. Kachitseko ka choki anakamanga ndi waya wa hang'ala yopachikira zovala kuti kazikhala kotseka nthawi zonse. Sikuluu ya aidulo anaimanga mpaka pamapeto kuti injini izikuwa m'malo mozima. Ntchito ya masiku atatu imeneyo.

Lolemba 9 koloko ndinali ku Kelvin. Mwini galaja anandifunsa ngati galimoto inalira m'mawa. Ndinati inalira. Anafunsa kuti pa maloboti inazima kangati. Ndinati kamodzi. Anati ndiye kuti zasintha, poti kale inkazima paliponse. Nditamufotokozera za pa geti, anati za maukwati sizili pa galanti. Kenaka anati waya akhoza kundimasulira, madola 10.

Ndikufunseni, bambo a galaja. Choki ya otomatiki imagulitsidwa m'sitolo ya zovala? Ngati chingwe munalibe, pakamwa panu panalinso pomanga ndi waya kuti mulephere kunena? Galimoto munaiyang'anitsa kumsewu ili yoliza kale chifukwa chiyani?

Masauso anakwera basi Lamlungu, tchuthi chake chinatha. Adzabweranso mu Disembala, ngati eni mkazi adzatilole. Nomsa anaimbira foni mlongo wanga akulira. Mlongo wangayo sanandiyankhule mpaka lero, ndipo sindikumuimba mlandu. Mwana anandidalira, ine n'kudalira inu. Ndakwiya, ndipo mtima ukundiwawa.

Anzanga a magalimoto akale, mukapita kukatenga yanu ku galaja, ipezeni yozima. Ilizeni nokha, tsegulani boneti, kokani choki muone ngati kachitseko kakuyenda.

Inu a galaja, madola aja khalani nawo. Eni mkazi atumiza mawu kuti Loweruka likudzali tikhoza kupita kukapepesa. Ndikufuna mupite nafe. Muvale jekete, muvule chipewa, muime pa geti lija, muwafotokozere m'Chindebele chanu chomwecho kuti utsi uja unali wa ndani.

Mukakana palibe vuto. Waya sindinamasule. Ndidzabwera ndi galimotoyo m'mawa, ndidzaiimika pa geti la galaja yanu ili yoliza, ndipo ndidzadikira mwaulemu mpaka mundiitane.