Mpeni wa dzanja lamanzere

Mpeni wanga ndi waufupi, sufika ngakhale kutalika kwa chikhatho, ndipo supindika ngati ya m'sitolo ija. Anandisulira ndi bambo anga kuchokera ku chikwanje chakutha chomwe ankadulira tiyi ku esiteti. Chogwirira anachikulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, chimake n'kusoka ndi chikopa cha mbuzi. Ndimausomeka m'chiuno, kunsi kwa chitenje, popita kukagulitsa zinanazi pa Milonde.

Ine ndine wamanzere. Bambo anaunola mbali imodzi yokha, monga ankanolera akale mipeni yosendera, koma anasankha mbali yoyenera dzanja langa. Ukalowa m'khungu la chinanazi umatsata wokha, osadya mnofu. Wamanja akaugwira umangoterereka.

Nditabereka mwana wanga woyamba, apongozi anga, amayi a bambo a kunyumba, anabwera kudzandithandiza. Kwawo dzanja lamanzere siligwira chakudya, ndipo mwana akayamba kulitsogoza amamuletsa akadali wamng'ono. Ndinkaopa kuti akadziwa adzakana kudya zophika ine. Choncho akakhala pafupi ndinkachita zonse ndi lamanja, pang'onopang'ono ngati wodwala. Iwo ankati ndi kufooka kwa uchembere.

Tsiku lina anabwereka mpeni uja kuti asende chinangwa. Ndinali m'nyumba kuyamwitsa, ndipo ndinamva kwee, kwee pamwala wonolera, nthawi yaitali ndithu. Kenaka analowa akumwetulira, thukuta lili pamphumi.

"Amake mwana, amene anakusulirani mpeniwu anausiya panjira. Ananola mbali imodzi, inayo anaiwala! Ndakukonzerani."

Ndinaulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Bambo anga anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo panalibe wina wondisulira wotero. Ndinalirira kuseri kwa bafa.

Nditayambiranso malonda, apongozi ankandiperekeza kuti azinyamula mwana. Ndiye ndinali ndi mavuto awiri: mpeni wosintha, ndi dzanja lobwereka. Zinanazi zinkatuluka zokumbikakumbika. Kondakitala wina wa minibasi, kasitomala wanga wakale, anachitembenuza chinanazi n'kunena, "Mayi, ichi mwasenda ndi khasu?" Anzanga a pamsika anaseka mpaka kugwira nthiti. Iwo ankadziwa, koma palibe anandiulula.

Tsiku lachitatu mpeni unaterereka n'kundicheka chala chachikulu. Magazi anadontha pathebulo. Apongozi anang'amba kansalu n'kundimanga, akundiyang'anitsitsa.

"Inu mwagulitsa zinanazi kuyambira muli mtsikana. Mukugwira bwanji mpeni ngati mlendo?"

Ndinaona kuti zala zindithera. Ndinayang'ana pansi.

"Amayi, ine ndine wamanzere. Mpeni uja sanaiwale ayi. Bambo anga ananolera dzanja langa."

Mwana anayamba kulira kumsana kwa apongozi, iwo n'kumamugwedeza, maso ali kumsewu. Ndinkaganiza za ndiwo zonse zomwe anadya kwathu, zina zomwe ndinadula ndi lamanzere iwo ali kudambo.

"Ndiye masabata onsewa mwakhala mukuvutika chifukwa cha ine?"

"Ndimaopa, amayi."

"Mumaopa! Ine n'kumanola tsiku lonse ngati ndikuthandiza. Bwanji osandigwira dzanja?" Anapukusa mutu. "Ndaononga ntchito ya malemu."

Anatenga mpeni uja n'kupita nawo kwa bambo wina wosula makasu kuseri kwa msika. Ndinawamva ali patali akumuuza kuti, "Mbali imodzi, bambo, ya kumanzere. Musandifunse zambiri." Unabwerako utachepa, wowonda ngati tsamba la nsungwi, chifukwa anachita kudya chitsulo chambiri kuti mbali inayo ifafanizike. Sunabwerere mwakale, koma dzanja langa linaudziwa.

Ndinasenda chinanazi chimodzi iwo akuonerera, khungu likugwa lopyapyala, maso onse a chinanazicho ndikuchotsa bwinobwino. Nditadula, ndinazengereza, osadziwa ngati alandira.

"Tabweretsani kuno," anatero. "Kusenda sendani ndi dzanja lanulo, Mulungu ndiye anakupatsani. Koma pondipatsa ine, lamanja. Ndakalamba nazo, sindingasinthe lero."

Ndinasamutsa chidutswacho, n'kuwapatsa ndi lamanja. Anadya, madzi akutsikira m'chigongono, kenaka anapempha china.