Thabwa la Mlombwa ndi Maswichi Asanu a Galimoto ya a Ibraimo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene bambo ananditenga kuchoka ku Zobuwe kupita nawo ku Moatize, nkhondo ya ufulu itangotha. Bambo anali mmisiri wa matabwa. Amene anatiitana anali a Ibraimo, mwini loja, ndiye kuti sitolo, amene anagula galimoto yakale kwa Mpwitikizi wina wa ku mgodi amene ankabwerera kwawo. Inali yakuda, yamipando yachikopa, koma thabwa la kutsogolo kwa woyendetsa, lokhala mawotchi ndi maswichi, linali litang'ambika ndi dzuwa.

A Ibraimo ananena poyera kuti thabwalo likawasangalatsa, ntchito ya mashelefu ndi zitseko zonse za loja yawo yatsopano adzapatsa bambo. Zikanatero tikanasamukira ku Moatize, ine ndikanapitiriza sukulu, pakuti makalasi a kwathu ndinali nditawamaliza. Bambo anabweretsa thabwa limodzi lokha la mlombwa limene analisunga padenga zaka zambiri. Lina lotero analibe.

Ine anandipatsa ntchito yomasula maswichi pa thabwa lakalelo ndi kuwapukuta. Analipo asanu: ya nyali zazikulu, ya nyali zazing'ono, ya zopukutira galasi, ya kanyali ka m'kati ndi ya kamphepo. Iliyonse inali ndi khosi lamazinga lolowa pabowo, kenako kanati kamkuwa kankamanga kutsogolo. Ndinatenga regwa, rula yanga ya kusukulu, ndi kuyeza makosiwo. Onse anali mamilimita asanu ndi atatu. Ndinayezanso thabwa limene bambo ankapala, ndipo linali mamilimita makumi awiri. Ndinalemba zonsezi pa tsamba la kaderno, kope langa lolembamo, ndi kujambula swichi iliyonse ndi waya wake.

"Ababa, thabwali lanenepa," ndinatero, nditaimirira kumbuyo kwawo ndi pepala langa. "Maswichi sadzatulukira."

Sanatembenuke. "Lakale lija linang'ambika chifukwa linali ngati chikoko cha nthochi. Ine sindipala zopyapyala. Kasese uko."

Ndinabwerezanso mawa lake, akuboola mabowo. Anandiyankha kuti regwa ya ana a sukulu ndi yolembera mizere m'kaderno. Mtima unandiwawa. Ndinalikwinya pepala lija ndi kuliponya pa mbaula imene ankasungunulirapo guluu, ndipo ndinaliyang'ana likupsa, ndikudziuza kuti aona okha.

Thabwa linatuluka lokongola, sindingabise. Analikwecha mpaka mizere yake yofiirira inaoneka ngati madzi oyenda, nalipaka vanishi katatu. Fungo lake linkamveka mpaka pamsewu, kupitirira fumbi la malasha. Tsiku lomangirira, a Ibraimo anabwera ndi anzawo awiri, atavala mkanjo woyera. Bambo analowetsa swichi yoyamba kuchokera kumbuyo. Kutsogolo sikunatuluke kanthu, kupatula kansonga ka ndodo yake kakusuzumira m'bowo. Anakankha ndi chala chachikulu. Anayesa yachiwiri, chimodzimodzi.

"A Mesitiri," anatero a Ibraimo akuseka, "nyali ndiziyatsa ndi chotokosera m'mano?"

Anzawo aja anaseka mpaka wina anagwira chitseko cha galimoto. Bambo anatembenukira kwa ine.

"Iwe Lusiyano, maswichi anali m'manja mwako. Unalekeranji kunena?"

"Ndinanena, ababa. Kawiri. Ndinalemba ndi papepala."

"Lili kuti pepalalo?"

Ndinalibe choonetsa. Anandikoka khutu pamaso pa anthu onsewo ndi kunditcha wabodza. Mpaka lero, ndili ndi imvi, mawu amenewo amandipwetekabe. Sindinaname. Ndinayeza bwino, ndipo manambala anga anali olondola.

Njira inatsala imodzi, kukumba kumbuyo kwa bowo lililonse mpaka thabwa lipyapyale pamalo pokhala swichi. Akanachita zimenezi asanaboole ndi kupaka vanishi, inali ntchito ya m'mawa umodzi. Tsopano anayenera kusema pang'onopang'ono ndi tchizulo, thabwa litagona chafufumimba pa bulangete, ine nditaligwira kuti lisasunthe. Tinatha masiku awiri osalankhulana. Mabowo anayi anatheka. Pa lachisanu, la nyali zazikulu, mlombwa unalira kuti the, ndipo kamng'alu kotalika ngati chala kanatulukira kumaso kwa thabwa.

Bambo anathiramo guluu wosakaniza ndi utuchi, napakanso vanishi. Tinamanga maswichi onse, mawaya ndinalumikiza ine kuchokera m'mutu, ndipo nyali zinayaka. A Ibraimo anakhala pampando, nayatsa ndi kuzimitsa swichi iliyonse. Kenako chala chawo chinaima pa mng'alu uja ndi kuutsata kuchokera pamwamba mpaka pansi. Sanakalipe. Anathokoza mwaulemu, nati za mashelefu adzatitumizira mawu. Mawuwo sanabwere. Tinabwerera ku Zobuwe pamwamba pa lole ya makala, ndipo chaka chimenecho ndinachithera m'munda wa mbatata.

Kuyambira pamenepo sindinatayenso pepala. Ana anga amandiseka chifukwa cha mabokosi a zikalata amene ali pansi pa bedi, koma palibe mlembi wa mu ofesi iliyonse amene anandiuzapo kuti sindinabwere kapena sindinanene, ine n'kusowa chomuonetsa. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti phunziro lonse linali limenelo.

Ndinazindikira zina nditayamba kukalamba, mwana wanga wamkazi atandiuza kawiri kuti denga limene ndinkakhoma lapendama, ine n'kumuthamangitsa. Bambo anandimva bwinobwino maulendo awiri aja amene ndinawachenjeza. Pepala likanakhalapo, ndikanangowachititsa manyazi kachiwiri pamaso pa alendo, ndipo thabwa likanang'ambikabe. Chimene ndinalephera chinali chaching'ono. Swichi inali m'thumba mwanga nthawi yonseyo. Ndikanaiika m'dzanja lawo tili awiri, iwo n'kuigunditsa okha m'mphepete mwa thabwa, akanaona ndi maso awo popanda kugonjera mwana. M'malo mwake ndinasankha kudikira kuti alakwe, ndipo tinalakwa tonse. Za khutu lija ndinawakhululukira kalekale. Za kunditcha wabodza, ndikuyesabe.