Mabowo Awiri pa Khoma la Kachipinda

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anasiya kulowa m'madzi. Msana unawakana. Munthu wokulira m'bwato pa Chia anayamba kukhala pakhonde, n'kumaona anzake akudutsa ndi nkhafi paphewa. Amalume anali atawapezera ntchito ya ulonda kumizimbe ku Dwangwa, yoti akayambe mvula ikagwa, ndipo tonse tinkadziwa kuti wopita kumeneko amabwera kwawo ngati mlendo. Bambo anati ayesa kaye matimati. Mbande zikapulumuka n'kufika kudimba, sapita.

Anafesa m'mabeseni akutha ndi m'chidutswa cha bwato lawo lakale. Panja mbuzi za anthu sizikanasiya kanthu, choncho anaika mbandezo m'kachipinda komwe ankasungira maukonde, kofoleredwa ndi malata, kokhala ndi zenera limodzi lalikulu lokutidwa ndi pulasitiki. Fungo la m'menemo ndimalimvabe mpaka lero: nsomba youma, phula, ndi dothi lonyowa.

Unali mwezi wa Okutobala. Pofika masana malata ankalira okha ndi dzuwa, ndipo mbande zinkagona ngati ana odwala malungo. Mayi anati zili ndi ludzu, ndipo wotunga madzi ndinali ine. Ndinkathamangira kudambo ndi ndowa, mchenga ukundiotcha kumapazi, kudzathira, kubwereranso. Koma tikathira kwambiri m'pamene zinkaola m'munsi, n'kugwa zidakali zobiriwira. M'mawa uliwonse bambo ankazula zakufazo.

Ine mtima wanga sunachedwepo kupsa, ngakhale ndili mwana. Tsiku lina masana, bambo atangomaliza pemphero la swala, ndinaponya ndowa pabwalo.

"Zinthu zanuzi zikufa basi! Mukufuna ndithire nyanja yonse?"

Mayi anatola mthiko. Bambo anakweza dzanja.

"Musiyeni, amake Saidi. Iwe, kanditengere chikuni chofuka utsi kukhitchiniko."

Tinalowa m'kachipindamo awiri, iwo n'kutseka chitseko. Utsi unakwera, unafika kumalata, unayenda uku ndi uku, kenako unayamba kutitsikira m'maso. Malaya anga anali atandimata kale kumsana.

"Ukupita kuti utsiwo?" anandifunsa.

"Palibe komwe ukupita."

"Iwe wangolowa kumene, waona mmene wanyowera. Izi zimakhala muno tsiku lonse. Si ludzu ili, mwanawe. Tikuziphika, ndipo iwe ndi amako mukuonjezera msuzi."

Anatuluka, anaima pabwalo atatsinzina, ngati mmene ankachitira padoko asanakankhe bwato. Anati mwera unatha kale, ino ndi nyengo ya vuma, mphepo yochokera kunyanja. Anatenga nkhwangwa, anakwera pamtondo, n'kuyamba kuchotsa zidina pamwamba penipeni pa khoma la kumtunda, pafupi ndi denga. Mayi anagwira m'chiuno.

"Bambo ake Saidi, nyumba amaboola ndi akuba. Inu mukuboola yanu yomwe, dzuwa likuswa mtengo chonchi?"

"Akuba amaboola pamodzi. Ine ndiboola pawiri."

Bowo lachiwiri linali la m'munsi, kukhoma loyang'ana kunyanja. Anagwada pang'onopang'ono, dzanja lina lili kumsana, akukukuta mano. Ndinati ndiwathandize, anakana, ati ndigwetsa khoma lonse ndi ukali wangawu.

"Nanga nkhuku? Nanga njoka?" Mayi sanali ogonja msanga.

Bambo anatenga ukonde wakale wong'ambika, anaupinda kambirimbiri, anauviika m'madzi otsala m'ndowa ndinaponya ija, n'kuupachika pabowo la m'munsilo. Kenako ananditumiza padenga ndi mitolo ya bango.

"Usagoneke pa lata penipeni. Ika mitengo kaye, usiye mpata woti dzanja lilowe."

Titamaliza tinalowanso ndi chikuni chija. Utsi unakwera mowongoka, unapinda, n'kutulukira pamwamba paja ngati waitanidwa. Kumapazi kwanga ndinamva kamphepo kozizira, konunkhira ukonde wonyowa. Bambo anaseka. Kuchokera tsiku limene anatsika m'bwato ndinali ndisanawamvepo akuseka.

Kuyambira pamenepo mbande tinkazithirira m'mamawa ndi madzulo okha. Masana ntchito yanga inali kunyowetsa ukonde basi. Zambiri zinali zitapita kale, koma zotsalazo zinadzuka, mitengo yake inanenepa, masamba n'kuyamba kununkhira ukawakhudza. Tinakaziokera kudimba ine ndikukumba, iwo akuika atakhala pampando wa ndalema.

Mvula yoyamba itagwa amalume anabwera panjinga kudzawatenga. Anawapeza m'dimba, pakati pa matimati ofika m'mawondo.

"Alamu, mukawauze kuti ulonda ndaupeza kale," anatero bambo. "Anyani a kuno nawonso amafuna mlonda."

Sanapite chaka chimenecho, sanapitenso chaka china chilichonse. Ndinakula nawo pakhomo, akundikalipira, akundidzutsa kuti ndipite kusukulu, mpaka tsiku limene tinakawaika.

Lero ndimakhala pa boma, m'nyumba ya lendi. Ndili ndi tsabola ndi mpiru m'zitini, m'kakhonde kotchinga ndi pulasitiki, ndipo Okutobala akafika zimagona chimodzimodzi. Mwini nyumba anandiuza kuti ndisakhudze khoma lake. Tinatukwanizana mpaka aneba anatuluka. Ndinangong'amba pulasitikiyo pamwamba ndi m'munsi, n'kupachika chiguduli chonyowa. Zimathandiza, koma chiguduli chimanunkha chimanga, sichinunkha nyanja.

Nthawi ijayo ndinkayesa kuti bambo akakamira matimati chifukwa cha liuma. Zanditengera kukhala ndi ana anga, ndi msana wanganso kuyamba kundivuta, kuti ndimvetse ululu umene anagwada nawo m'munsi mwa khoma lija. Munthu woti sankatha kuwerama kuti atole nkhwaira zake anagwada mpaka bowo linatheka, chifukwa sankafuna kuti mwana wamwano ngati ine akule akumuona pa Idi pokha.